Mbama ya pa Siteji: Zimene Ndinaona Nditaoneranso Police Story

Caka catha kalabu ya drama ya pa sukulu pamene ndiphunzitsa inapita ku mpikisano ndi sewero lodzudzula nkhanza za m'banja. M'sewerolo munali cigawo cimene bambo wocokera ku mowa amenya mkazi wake mbama. Poyeseza ku sukulu, mnyamata wathu anali kungokhudza tsaya la mnzake, tonse n'kuseka. Tsiku la mpikisano holo inadzaza, mnyamatayo magazi anathamanga, ndipo dzanja linatera ndi mphamvu zake zonse pa khutu penipeni. Holo inaphulika. Mluzu, m'manja, ena kumbuyo akukuwa kuti, "Mumenye futi!" Mtsikanayo, wa giredi 11, analimba mtima mpaka sewero linatha. Titatuluka panja anandikokera pambali nati, "Ba Ticha, sinimvela bwino ku khutu iyi." Madzulo amenewo tinathera pa mzere ku kiliniki. Apo n'kuti mmodzi wa oweruza atatiyamikira kale kuti ndeu yathu inaoneka yeniyeni.

Mlandu unali wanga. Ndinaphunzitsa ana aja kuloweza mau, kuwakweza kuti afike kumbuyo kwa holo, ndi kusafulatira oonerera. Mbama sindinaiphunzitse, cifukwa ndinali kuganiza kuti aliyense wokulira m'komboni adziwa kumenya. Kumenya adziwadi. Cimene sadziwa ndi kunamizira kumenya, ndipo imeneyi ndi nchito ina, yofuna kuiphunzira monga mmene munthu aphunzirira kuliza gitala.

Nkhaniyi inandibwezera kwa munthu amene anaphunzitsa ambiri a ife mmene ndeu ya m'sewero ionekera, Jackie Chan. Ife a zaka za m'ma 30 tinamuonera m'tunyumba twa vidiyo, titapanikizana pa mabenchi, thukuta lili kamukamu. Inu mumuonera pa foni. Ndinafunafuna filimu yake ya mu 1985, Police Story, imene anaitsogolera yekha ndi kuseweramo ngati wapolisi wa ku Hong Kong dzina lake Chan Ka-kui. Ulendo uno ndinaionera ndi diso la mphunzitsi wolakwa. Ndinali kuimitsa, kubweza, ndi kudzifunsa kuti: kodi munthu uyu acita ciani cimene ine ndinalephera kuphunzitsa?

Nkhani ya filimuyi ndi yopepuka. Wapolisi agwira mkulu wa ogulitsa mankhwala osokoneza bongo, apatsidwa nchito yoteteza mboni, mlandu uwonongeka ku khoti, adani amunamizira kuti wapha wapolisi mnzake, ndipo iye aganiza zothana nawo yekha. Nthabwala zina zakalamba moipa, makamaka za cibwenzi cake May, amene aseweredwa ndi Maggie Cheung. Mtsikanayu akankhidwa ndi kugwetsedwa kuti ife tiseke. Kuciyambi kwa filimu magalimoto atsetsereka phiri akuphwanya tunyumba twa anthu osauka. Ndili mwana ndinakuwa ndi cimwemwe. Lero ndiona kuti tunyumbato tufanana ndi twathu, ndipo filimu sibwererako kukafunsa kuti eni ake anagona kuti usiku umenewo. Zofooka zimenezi zilipo ndithu. Koma ndeu za m'filimuyi ndi sukulu yokwanira.

Tengani ndeu yomaliza, ya mu shopping mall. Coyamba, kamera iima patali, thupi lonse lioneka kucokera kumutu mpaka kuphazi. Mafilimu ambiri a masiku ano adula zithunzi msangamsanga kuti abise zoti wosewera sadziwa kuponya mwendo. Apa uona amene wayamba, uona kumene dzanja licokera ndi kumene lipita. Caciwiri, ndeuyi ili ndi kagundidwe kake ngati ng'oma: cibakera, kuchinga, kulewa, kupuma pang'ono, ndiyeno galasi kusweka. Mutatseka maso mukhoza kuitsatira ndi makutu. Cacitatu ndiye cacikulu. Lekani kuyang'ana womenya, yang'anani omenyedwa. Cibakera cioneka colemera cifukwa ca munthu amene wacilandira: mmene aponyera mutu, nthawi imene agwera, ndi malo amene agwera. Anyamata aja ouluka kulowa m'magalasi ndi akatswiri a nchito ya kugwa, ambiri a iwo a gulu lake la Jackie Chan Stunt Team, anthu ozolowerana naye amene adziwa pamene dzanja lidzafika lisananyamuke n'komwe. Ife tiona adani awiri, pamene iwo ndi anthu awiri okhulupirirana kuposa wina aliyense m'cipindamo.

Kukhulupirirana kotere sikubwera tsiku limodzi. Jackie Chan anabadwa mu 1954, ndipo ali ndi zaka pafupifupi 7 makolo ake anamusiya pa China Drama Academy, sukulu ya masewero a Peking Opera ya Yu Jim-yuen ku Hong Kong. Anakhalako zaka 10. Ana a kumeneko anali kuphunzira kuimba, kugudubuzika, kudumpha ndi kugwira ndodo ndi malupanga, kuyambira mbandakuca mpaka usiku. Sammo Hung ndi Yuen Biao anaphunzira naye pa sukulu imodzimodziyo. Atatuluka anayamba ndi nchito yogwa ndi kumenyedwa m'mafilimu a ena, kuphatikizapo Fist of Fury ndi Enter the Dragon a Bruce Lee. Conco asanachuke ngati womenya, anali atakhala kale womenyedwa waluso. Sindiyamikira zikwapu zimene ana a pa sukulu ija anali kulandira, ndipo iye mwini wazichula kambirimbiri. Mfundo yanga ndi yakuti zimene ife tifuna kukwanitsa poyeseza kawiri cabe pa Cisanu masana, mnzathuyu anaziphunzira zaka 10.

Komabe pali malo amene filimuyi itisokeretsa. Kumapeto kwa ndeu ya mu mall, Jackie Chan adumphira pa mzati wacitsulo wozingidwa ndi nyali, atsetsereka nyalizo zikuphulika, n'kuboola galasi pansi. Filimu ionetsa kudumphaku katatu kuti tisaphonye. Anapsa m'manja ndipo anavulala msana ndi ciuno. Pojambula Armour of God anagwa mumtengo n'kusweka cigaza, mpaka anamucita opaleshoni. Ndiyeno pa mapeto a mafilimu ake ationetsa zimene zinalakwika pojambula, magazi ndi anthu onyamulidwa. Zithunzi zimenezi zinatiphunzitsa bodza limene ndinalimvanso m'mau a woweruza uja, lakuti kuvulala ndi umboni wa luso. Iyai. Munthu akavulala ndiye kuti cina cake calakwika. Brandon Lee, mwana wa Bruce Lee, anafa mu 1993 ali ndi zaka 28 pojambula The Crow, mfuti ya m'sewero itatulutsa cipolopolo cimene cinali citatsalira m'kati mwake. Ndani anganene kuti imfa ija inakometsa filimu?

Tisaiwalenso kuti filimu ndi siteji zisiyana. Wa filimu akadumpha bwino kamodzi, kamera yagwira, cithunzi cikhala mpaka kalekale. Wa pa siteji ayenera kubwereza mbama imodzimodziyo lero, mawa ndi pa Ciweru, popanda womuuza kuti imani tiyambirenso. N'cifukwa cake ku Britain ndi ku America kuli mabungwe ophunzitsa ndi kuyesa osewera pa nchito imeneyi yokha, monga Society of American Fight Directors imene inayamba mu 1977. Kumeneko sewero lokhala ndi ndeu lipatsidwa munthu wapadera woikonza, monga mmene kwaya ikhalira ndi woimbitsa.

Zoyambira zimene aphunzitsa sizifuna ndalama. Pa mbama, awiriwo ayamba ayang'anana m'maso, cizindikiro cakuti onse ndi okonzeka. Womenya aima patali moti dzanja litatambasuka silifika pa nkhope. Dzanja lidutsa mumphepo, wolandira atembenuza mutu pa nthawi yake, ndipo phokoso licokera kwina: mmodzi wa iwo aomba m'manja kapena pa nchafu pamene oonerera saona. Aimanso mwa njira yakuti mpata wa pakati pawo ubisike. Pokoka tsitsi, womenya aika cibakera pamutu osagwira tsitsi, ndipo wokokedwa agwira dzanja lija n'kuyenda yekha akulira. Pokanyanga pakhosi, manja a wokanyanga akokera kunja, a wokanyangidwa akokera m'kati, kholingo osakhudzidwa. Pogwa, upinda mwendo, utsika ngati ufuna kukhala pansi, cibwano cili pa cifuwa, osafikira pa bondo kapena pa cigongono. Lamulo lake ndi limodzi: wooneka ngati wozunzidwa ndiye agwira ciwongolero. Zonsezi ziyamba pang'onopang'ono ngati anthu oyenda m'madzi, liwiro libwera pambuyo. Tsiku lililonse la sewero, oonerera asanalowe, ndeu iyesezedwanso. Mpeni wa ku khichini ndi botolo lenileni zitsale kunyumba.

Citetezo ndi theka cabe la nkhani. Funso limene landisowetsa tulo ndi ili: n'cifukwa ciani holo inakuwa kuti "Mumenye futi" m'sewero lolembedwa kuti anthu adane ndi nkhanza? Ndiganiza kuti mbama yeniyeni ija inaswa sewero. Nthawi imene dzanja linatera, oonerera analeka kuona mayi wa ana atatu ndi mwamuna wake. Anaona mwana wa sukulu atamenya mnzake pamaso pa aphunzitsi popanda cilango, ndipo anacita zimene khamu licita likaona ndeu pa msika. Mbama yonamizira ikanatipatsa mpata wosankha. Tikanacedwetsa dzanja, tikanasiya kacetecete pambuyo pake, tikanaonetsa mwana ataima pa khomo akuona zonse.

Ndeu yokonzedwa bwino inyamula nkhani. Mu Romeo and Juliet ya Shakespeare, Mercutio alasidwa ndi Tybalt pansi pa mkono wa Romeo, nthawi imene Romeo walowa pakati kuti awaleretse. Wofuna mtendere ndiye atsegula njira ya imfa ya mnzake, ndipo kucokera pamenepo sewero lonse lilunjika ku maliro. Osewera akangogundanitsa ndodo mwacisawawa, oonerera sauona mkono uja, ndipo mtima wa sewero watayika. Jackie Chan naye azidziwa zimenezi. Akamenya cinthu colimba akupiza dzanja ndi ululu, adani akaculuka athawa. Timukonda cifukwa thupi lake litiuza kuti aopa ndipo amva kuwawa monga ife.

Poyambira tili napo kuno kwathu. Amene anapitako ku Nc'wala ku Mtenguleni anaona amuna ambirimbiri atanyamula zishango ndi zibonga, akuponda nthaka pamodzi mpaka fumbi koboo. Ndi nkhondo yosandulika gule, ndipo ngakhale apanikizane cotani, aliyense adziwa malo ake ndi nthawi yake. Muno mu Lusaka, acinyamata a Circus Zambia, imene inayambira ku Chibolya, aonetsa kuti mwana wa m'komboni akhoza kuphunzira kugudubuzika, kunyamula mnzake m'mwamba ndi kumuwakha akamagwa. Matupi ophunzitsika alipo. Cimene cisowa ndi cakuti makalabu athu a drama aike maphunziro a thupi pa mlingo umodzi ndi kuloweza mau.

Kwa anzanga oweruza mipikisano ndinena kuti mbama yeniyeni iyenera kucotsetsa mamalikisi, cifukwa ionetsa kuti gulu silinakonzeke. Kwa inu amene musewera ku sukulu, ku chalichi kapena m'tumavidiyo twa pa Facebook ndi TikTok, dziwani kuti muli ndi ufulu wokana. Wotsogolera akakuuzani kuti limbani mtima, ndi kamodzi cabe, mufunseni kuti akuonetseni njira yocitira zimenezo popanda kukhudzana. Ngati saidziwa, muiphunzire pamodzi. Ndipo mukaoneranso Police Story, tsatirani anyamata ogwa aja, amene maina awo ambiri a ife sitiwadziwa.

Mtsikana uja khutu linacira, ndipo anabwerera ku kalabu. Temu ino tiyamba tsiku lililonse loyeseza ndi mphindi 20 za kugwa ndi kudzuka pa udzu kuseri kwa makalasi. Sabata yatha iye ndi mnyamata uja anaonetsa mbama yawo yatsopano kwa a giredi 8. Dzanja linadutsa patali ndi nkhope, phokoso linamveka, iye anagwa. Kalasi yonse inangoti zii, mpaka kamtsikana kena ka kutsogolo kanafunsa motsitsa mau ngati wapwetekeka.