Njinga ya Trywell: Banja ndi Chakukhosi m'Kanema wa kwa Wimbe

Kanema wotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind anatuluka m'chaka cha 2019. Anamukonza ndi Chiwetel Ejiofor, katswiri wa zisudzo wa ku Britain, potsata buku la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer limene linasindikizidwa mu 2009. Nkhani yake ndi ya kwa Wimbe, m'boma la Kasungu, pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Ambiri amene anamuonera amakumbukira mnyamata wochotsedwa sukulu chifukwa cha fizi, amene anapanga makina oyendera mphepo ndi zitsulo zotola kudzala. Koma woonera mwachifatse amaona kuti chimene chikuyendetsa nkhaniyi ndi banja la makolo a mnyamatayo, Trywell ndi Agnes, komanso mangawa amene Trywell wakhala akusunga.

Akanema ofufuza za mumtima mwa anthu okondana ndi ochuluka ku Ulaya, makamaka ku Germany. Chitsanzo ndi Alle anderen, amene Maren Ade anakonza mu 2009 ndipo analandira mphotho ku Berlin. M'menemo Chris ndi bwenzi lake Gitti ali patchuthi pa chilumba cha Sardinia. Ali ndi chakudya, ali ndi nyumba, palibe tsoka limene lawagwera. Chimene chikuwasautsa n'chakuti Chris amadziona wolephera pa ntchito, ndipo atakumana ndi banja lina looneka lopambana, manyazi akewo akuwathira pa Gitti. Nthenda ya Trywell ndi yomweyi, kungoti iye ikumugwira nkhokwe ili yopanda kanthu. Chris akakwiya angathe kupita kokayenda. Trywell alibe kothawira, pakuti madzulo alionse ayenera kukhala pamphasa ndi anthu amene walephera kuwadyetsa.

Nkhani ikuyamba ndi imfa. John, mkulu wake wa Trywell, akugwa m'munda namwalira, ndipo munda umene abale awiriwa ankalima ukupita m'manja mwa Jeremiah, mwana wa malemuyo. Trywell sakutsutsa pagulu. Akumeza mawu, koma mumtima akukhulupirira kuti mkulu wakeyo sanamuone woyenera kusungitsidwa nthaka. Apa Ejiofor, amene akusewera yekha mbali ya Trywell, wachita bwino kwambiri, chifukwa chakukhosicho sachitulutsa msanga. Chikuonekera m'mayendedwe, m'mene akugwirira khasu, ndi m'kunyada kopyola muyeso pamene akuveka William yunifolomu ya kusekondale. Bambo ameneyu akufuna kuti mwana wake akhale umboni wakuti John analakwitsa.

Fodya akulowa m'nkhaniyi ngati mlendo wobwera ndi ndalama m'thumba. Aliyense wokulira m'zigwa za Kasungu akudziwa kuti fodya amadya mitengo: wina amafuna nkhuni zoumitsira m'mabalani, wina amafuna milimo ya zigafa. M'kanemayu a esiteti akupempha anthu a m'mudzi kuti awagulitse mitengo. Mfumu ikuchenjeza kuti mitengoyo ndiyo imatchinga madzi osefukira, koma Jeremiah ndi ena akusaina. Mvula itachuluka, minda ikukokoloka, kenaka chilala. Tsono Trywell akuonerera nthaka imene anamanidwa ikuonongeka m'manja mwa mnyamata wosasamala, ndipo alibe mphamvu yoletsa. Ndi chifukwa chake ukali wake ukukafikira amene ali pafupi, mkazi wake ndi ana.

Agnes, amene akuseweredwa ndi Aïssa Maïga, ndiye mpangankhani wolembedwa mwaluso koposa onse. Poyamba akuoneka mayi wofatsa woyang'anira pamoto ndi khanda kumsana. Nayenso ali nazo zake zimene wasunga. Anasiya kwawo kutsata mwamuna, nakhulupirira kuti banja lawo lidzakhala lamakono, la ana ophunzira, losadalira mwayi wa mvula. Tsiku limene chimanga chawo chochepacho chikubedwa, Trywell palibe, wapita ku zandale. Agnes sakulalata. Akudikira mpaka pamene mwamuna wake waswa kamakina koyesera ka William ndi kumukakamiza kugwira khasu m'nthaka youma. Pamenepo ndipo akumuwerengera chimodzichimodzi zimene wataya chikwatiwire, namufunsa kuti kutayaku kudzatha liti. Apa ndiye pampondachimera pa kanemayu, ngakhale kuti palibe ndewu kapena kukuwa. Ndi mawu a mkazi amene akumukondabe mwamuna wake koma watopa kumubisira choonadi.

Njinga ndiyo ikumanga zonsezi pamodzi. William akuifuna kuti aidule, apangire makina ake. Kwa Trywell njingayo ndi chuma chomaliza chosonyeza kuti iye ndi bambo wa pakhomo. Wophunzira amene angaganize kuti Trywell akukana chifukwa cha umbuli sanaimvetse nkhaniyi. Munthu amene mkulu wake sanamukhulupirire, tsopano akuuzidwa ndi mwana wake womubereka kuti pali zinthu zimene mwanayo akudziwa zomwe bambo sadziwa. Kupereka njinga ndi kuvomera kachiwiri kuti wina ndiye woyenera. Pamene akuipereka, galu wa William, Khamba, atafa ndi njala, Trywell akuvomera chinthu chimene wakhala akuchithawa chiyambire maliro a John.

Pali banja lachiwiri limene kanemayu walithamangira. Annie, mlongo wake wa William, amene akuseweredwa ndi woimba wa kuno kwathu Lily Banda, ali pachibwenzi chamseri ndi mphunzitsi wa sayansi, Mike Kachigunda. William akugwiritsa ntchito chinsinsi chimenechi pomuumiriza mphunzitsiyo kuti amulole kupitiriza kuphunzira ndi kulowa m'laibulale. Njala itafika posauzana, Annie akuthawa naye mphunzitsiyo, nasiyira mlongo wake dayinamo ya panjinga, chipangizo chimene makinawo sakanayenda popanda icho. Funso lalikulu lili apa. Kodi Annie wapita chifukwa cha chikondi, kapena kuti pakhomo pachepe pakamwa pamodzi, kapena wadzigulitsa kuti mlongo wake apeze dayinamo? Zonse zitatu n'zotheka, ndipo kanema wolimba mtima akanakhalitsa pa mtsikanayu kuti woonera alawe kuwawa kwa chisankho chakecho. Mtsikana amene ankayembekezera kupita ku yunivesite akungozimirira m'nkhani, ndipo za mumtima mwa Kachigunda sitikuuzidwa n'komwe. Maren Ade akanatha kupanga kanema wathunthu pa anthu awiri okhawa.

Chilema china ndi chiyankhulo. N'chinthu choyamikika kuti mbali yaikulu ya kanemayu ili m'Chichewa, ndipo Ejiofor ndi Maïga anachita khama kuchiphunzira. Komabe khutu la Mchewa limamva msanga kuti katchulidwe n'kachilendo, ndipo nthawi zina mawu okhudza mtima amatuluka ngati oloweza. Mwamuna ndi mkazi amene akhala m'banja zaka pafupifupi makumi awiri amakangana ndi mawu achidule, amaphiphiritsa, amalasana ndi mwambi. Zoterezi n'zosowa m'zokambirana za Trywell ndi Agnes, kotero kuti nkhope zawo zikunena zambiri kuposa pakamwa.

Mathero nawo anasinthidwa. Makina oyamba a William weniweni ankayatsa magetsi panyumba. M'kanema akupopa madzi a pachitsime kuthirira mbewu, kuti mudzi upulumuke woonera akupenya. Kusinthaku kukuthandiza kuti nkhani ithe mokoma, koma kukuphimba mabala msanga. Madzi akuyenda m'ngalande, mbewu zikubiriwira, bambo ndi mwana agwirizana. Mitengo imene inapita ku esiteti sinabwerere, mfumu imene inamenyedwa chifukwa chonena za njala pamaso pa mtsogoleri wa dziko yamwalira, ndipo pa mphasa ya banja la Trywell malo a Annie adakali opanda munthu.