Liu la "Stave" ndi Wophunzira wa ku Champhira

Nkosavuta kumasulira liu la Chingerezi la stave kuti "thabwa la mgolo" nkulekera pomwepo, koma ife tikuona kuti kumasulira kotere nkoperewera. Mgolo umene mwana wa ku Champhira, m'boma la Mzimba, amaudziwa ndi wachitsulo, wosungiramo madzi kapena mafuta. Wa matabwa opindika omangidwa ndi mikombero ngwachilendo kwa iye.

Liuli lidachokera ku staves, kuchulukitsa kwa staff, ndiko kuti ndodo, ndipo mphunzitsi ayenera kuyambira pamenepo. Thabwa la mgolo ndi ndodo yophwatalala. Mneni stave off ndi kutchinga choopsa, monga wopirikitsa galu ndi ndodo. Mizere isanu yolembapo nyimbo, yotchedwanso stave, ili ngati ndodo zogoneka, ngakhale kuti tanthauzo ili nalonso silidazike mizu kuno: amishoni a Livingstonia, amene adatsegula Loudon ku Embangweni mu 1902, ankaphunzitsa nyimbo ndi malembo a tonic sol-fa.

Pamene ndodo siitithandiza kwenikweni mpa tanthauzo la ndime ya ndakatulo kapena ya nyimbo, limene Charles Dickens adatengera potcha mitu isanu ya buku lake la 1843, A Christmas Carol, kuti staves.