Kupalasa Mosathamanga ku Chintheche

Msewu wa M5 pakati pa Kande ndi Chintheche umakoma kwa munthu wopalasa njinga mosathamanga. Kupalasa kotereku ndi luso ndithu: kusunga mphamvu m'miyendo, kumva tcheni chikayamba kulira, kupatukira lole popanda kutitimiza tayala mumchenga. Mphotho yake ndi fungo la chinangwa chovikidwa chodzaphikira kondowole, usipa woyanikidwa ukung'anima padzuwa, komanso moni wa Chitonga woyankhana mpaka kutha. Ena amati minibasi ndi njinga yamoto zimafulumira. N'zoona, ndipo wodwala wothamangira kuchipatala azikwere basi. Koma liwiro limatseka mphuno ndi makutu. Wokwerayo amangoona nyanja ikuphethira pakati pa mitengo ya mango, n'kufika kumene akupita osapatsana moni ndi aliyense.