Madandaulo a Akulu-akulu

Akulu-akulu amene anabvina pa tsiku la ufulu mu 1964 lero akhala pakhonde atagwira njakata. Akuti maiko asokonezeka, ndipo atsogoleri a makono ngokoma pakamwa cabe. Kunena za maiko, mau ao ngoona ndithu, pakuti nkhondo imene inabuka ku Ukraine mu 2022 inakweza mtengo wa feteleza ngakhale ku Chipata. Koma polira masiku a Kaunda aiŵala msanga. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, iwo omwe anali kuima pa mizere kufuna sopo ndi mafuta. Ufa utakwera mu 1990, mwazi unakhetsedwa m'Lusaka. Tsono amene anacotsa a Kaunda pa cisankho ca 1991 ndi omwewa.