Teen Wolf ndi Luso Losunga Nkhope ya Munthu pa Chilombo

Kanema wa MTV ku America anayamba kuonetsa sewero la Teen Wolf pa 5 June 2011, ndipo pofika mu September 2017 linali litakwanitsa magawo 100. Jeff Davis, amene analikonza, anabwereka dzina ndi kanjere ka nkhani mu filimu yoseketsa ya 1985, momwe Michael J. Fox ankasanduka mmbulu n'kumadabwitsa anthu pa bwalo la basketball. Davis anaisamutsira nkhaniyo m'tauni yongopeka ya Beacon Hills ku California, anaikamo masewera a lacrosse, mdima ndi maliro. Achinyamata anaikonda kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chinawakoka si mano ndi zikhadabo. Chinawakoka n'chakuti seweroli linazindikira msanga kuti chilombo choopsa kwa mwana wa zaka 16 ndi thupi lake lomwe, ndipo luso lonse la kamera, la mawu ndi la kukonza nkhope linatumikira mfundo imeneyi.

Kuphatikiza mmbulu ndi kutha msinkhu sikunayambe ndi Davis. Mu 1957 Michael Landon anasewera mwana wa sukulu waukali mu I Was a Teenage Werewolf. Mu Buffy the Vampire Slayer, Oz ankadzitsekera m'chitolokosi mulaibulale ya sukulu mwezi ukakhala wathunthu. Filimu ya ku Canada ya Ginger Snaps, ya chaka cha 2000, inamangirira kusanduka kwa mtsikana ku msambo wake woyamba. Onsewa anaona chinthu chimodzi: ubweya womera mosapempha, mawu osintha, mkwiyo wobwera wosagogoda, chilakolako chochititsa manyazi. Kwathu kuno, wosanduka fisi m'nkhani za akuluakulu amakhala mfiti yomwe yadzisankhira yokha njira yoipa, ndipo womvera amaima mbali ya mudzi woopsezedwa. Scott McCall wa mu Teen Wolf sanasankhe. Analumidwa usiku m'nkhalango momwe mnzake Stiles anamukokera kuti akaone mtembo. Woonera amaima mbali ya wolumidwayo, chifukwa nayenso thupi linamusinthira asanafunsidwe.

Luso loyamba lili pa nkhope. Mu An American Werewolf in London ya 1981, Rick Baker anaonetsa mafupa akutalika ndi mphuno ikutuluka mpaka munthu kutheratu, ndipo analandira nayo mphoto ya Oscar. Ntchitoyo ndi yaikulu, koma ikatha pamatsala nyama imene sungacheze nayo. Teen Wolf inatsata njira yakale ya The Wolf Man ya 1941: chipumi chotupa pang'ono, makutu osongoka, ubweya m'masaya, mano, basi. Maso, milomo ndi nsagwada zimakhalabe za Tyler Posey, amene ankasewera Scott. Phindu la kusankhaku ndi la nkhani. Mmbulu wotere angathe kulira, kupepesa, kuchita manyazi. Pamene Melissa, mayi ake a Scott, namwino wolera yekha mwana, anaona nkhope imeneyi koyamba ku polisi m'chigawo chachiwiri, anabwerera m'mbuyo ndi mantha. Chimapweteka pa chithunzichi n'chakuti mwana wawo ankaonekabe m'nkhopemo, akuwayang'ana. Akanaona galu wamkulu wopangidwa pa kompyuta, mantha awo akanakhala oyenera ndipo ife sitikanamva kanthu.

Maso anapatsidwa ntchito yonena mbiri ya munthu. Achikasu ndi a mmbulu wamba, ofiira ndi a mtsogoleri wa gulu, a buluu ndi a amene anaphapo munthu wosalakwa. Derek Hale, mmbulu wina wa m'seweroli, akang'animitsa maso a buluu, woonera wodziwa lamuloli amamva kulemera kwa mlandu wake popanda wina kuyankhula. Njirayi ndi yotsika mtengo, koma imapatsa woonera ntchito yowerenga, ndipo munthu amakonda sewero limene lamuphunzitsa chinenero chake.

Luso lachiwiri lili m'makutu. Tsiku lotsatira atalumidwa, Scott ali m'kalasi akumva foni ikulira patali, kenako mawu a mtsikana wachilendo ali panja, akudandaula kuti waiwala cholembera. Mtsikanayo, Allison, atalowa n'kukhala kumbuyo kwake, Scott anatembenuka n'kumupatsa cholembera. M'kamphindi kameneka tauzidwa za mphamvu yatsopano, tayambitsidwa chikondi, ndipo taikidwa m'mutu mwa mnyamatayo, pakuti okonza mawu anatsitsa phokoso la kalasi n'kukweza chimene iye yekha akumva. Kugunda kwa mtima kumamvekanso kawirikawiri m'seweroli. Mmbulu amazindikira bodza pomvetsera mtima wa woyankhula, choncho chinsinsi chimavuta kusunga pakati pa ana amene moyo wawo wonse wazunguliridwa ndi zinsinsi.

Mtima womwewo ndi umene unasintha kamangidwe ka nkhani. M'mafilimu akale mwezi ndiwo unkalamula, ndipo munthu ankangodikira tsoka lake. Davis anausiya mwezi pamalo pake, koma anawonjeza kuti kusanduka kumabweranso mtima ukathamanga, kaya ndi mkwiyo, mantha kapena chilakolako. Pamenepo malo aliwonse a pa sukulu anakhala oopsa: bwalo la lacrosse, chipinda chosinthira zovala, phwando, ngakhale kupsompsonana. M'gawo lina Stiles anamumangirira Scott kachipangizo koyeza kugunda kwa mtima n'kumamugenda ndi mipira kuti aphunzire kuugwira mtima. Anapeza kuti kuganiza za Allison kumamukhazika pansi. Funso la seweroli linachoka pa kuchira n'kufika pa kudziletsa, lomwe ndi funso lenileni la wachinyamata aliyense, chifukwa kutha msinkhu kulibe mankhwala. Chikondi cha awiriwa chitatha, Scott anayenera kuphunzira kudzigwira wopanda wotsamira, ndipo amene anamuuza zimenezi ndi mayi ake omwe aja anabwerera m'mbuyo.

Seweroli linafunsanso moona mtima kuti ndani angalakelake kulumidwa. Scott anali ndi mphumu, wosachoka ndi kopopera mankhwala m'thumba, wokhalira pa benchi anzake akusewera. Derek atakhala mtsogoleri anasankha ana atatu: Isaac, amene bambo ake ankamutsekera mufiriji yakale m'chipinda cha pansi pa nyumba, Erica, wodwala khunyu amene anzake ankamuseka, ndi Boyd, wodya yekha nthawi ya nkhomaliro. Aliyense anavomera chifukwa cha bala lake. Erica ndi Boyd anafa m'chigawo chachitatu. Olemba sananamize woonera kuti mphamvu imapoletsa zonse. Anaonetsa kuti wamkulu wofuna otsatira amadziwa kufunafuna ana osweka mtima.

Pakati pa mphamvu zonse, imene inalembedwa bwino kwambiri ndi yochotsa ululu. Mmbulu akagwira wodwala, mitsempha ya pa mkono wake imada pamene ululuwo ukusamukira mwa iye. Isaac anaphunzira izi pa galu wodwala kuchipatala cha ziweto cha Deaton, ndipo mwana wozolowera kumenyedwa uja anagwetsa misozi atazindikira kuti manja ake angathe kutonthoza. Olemba anasunga lamuloli mpaka mu March 2014, pamene Allison anabayidwa. Scott anamugwira dzanja kuti amuchotse ululu koma sizinatheke, chifukwa mtsikanayo sankamvanso kupweteka. Lamulo lobzalidwa kale ndi limene linatiuza kuti akufa. Umu ndi momwe zamatsenga ziyenera kugwirira ntchito m'sewero: lamulo liikidwe poyera, lisungidwe, kenako litembenukire amene timawakonda.

Stiles, amene Dylan O'Brien anamusewera, ndiye mzati wina. Alibe zikhadabo, ali ndi galimoto yakale ya Jeep, ndodo ya baseball, pakamwa posatopa ndi bambo wamasiye, mkulu wa apolisi. Kupezeka kwake kumasunga mtengo wa ngozi, popeza iye akavulala sapola m'kamphindi. M'theka lachiwiri la chigawo chachitatu mzimu wa nkhandwe wa m'nthano za ku Japan, Nogitsune, unamulowa. O'Brien sanamatidwe chilichonse kumaso. Anangochepetsa kuyenda kwa manja, anatsitsa mawu, anasiya kuphethira pafupipafupi, ndipo mnyamata wosakhazikika uja atakhala phee anaopsa kuposa chilombo chilichonse cha m'seweroli. Ambiri amati apa ndi pamene Teen Wolf inafika pachimake, ndipo ndikugwirizana nawo.

Pofookera pake pakutsimikiza mfundo yomweyi. M'zigawo ziwiri zomaliza munabwera a Dread Doctors ovala zigoba zachitsulo, Chilombo cha ku Gévaudan chojambulidwa pa kompyuta, ndi okwera akavalo ofafaniza anthu m'chikumbumtima. Adani anachuluka, malamulo anapiringizana, zithunzi zinada mpaka nkhope kusaoneka bwino. Anthu amene tinawazolowera, monga Isaac, Kira ndi Danny, anachoka m'nkhani mosatsanzika mokwanira. Nthawi imene kale inkathera pa mayi ndi mwana m'khitchini inayamba kuthera pa kufotokoza chiyambi cha chilombo chatsopano. Filimu ya 2023 ya pa Paramount+ inabweza ambiri mwa osewera, koma Stiles munalibe, ndipo dzenje lake linaoneka.

Wolfblood ya CBBC ku Britain, imene Debbie Moon anayambitsa mu 2012, inayenda ndi ndalama zochepa ndi ana ocheperako msinkhu, koma inagwira mitima pa chifukwa chomwechi: Maddy ndi Rhydian ankabisa chimene ali kwa anzawo a m'kalasi. Wolemba aliyense wofuna kuyesa mtundu uwu wa sewero ayambire pamenepo. Asankhe mwana mmodzi, adziwe bala lake, amupatse mphamvu yokhudza balalo, amuikire pambali mnzake wopanda mphamvu ndi kholo loti lidzaone nkhope yakeyo tsiku lina. Zilombo zina zonse angaziwonjeze pambuyo pake ngati nkhani yazifuna.