Luso la Wojambula Zithunzi za M'mabuku a Ana

Anthu akamayamikira buku la ana amatchula mlembi, koma kawirikawiri amaiwala wojambula zithunzi, chonsecho iyeyo ndi amene amayamba kulankhula ndi mwana asanadziwe zilembo. Ku Chintheche, m'boma la Nkhata Bay, kumene ana ambiri amakula akulankhula Chitonga pakhomo n'kukakumana ndi Chichewa ndi Chingerezi m'kalasi, chithunzi chimagwira ntchito imene mawu osindikizidwa sangaithe paokha.

Luso limeneli limafuna diso lofatsa ndi dzanja loleza mtima. Wojambula waluso amadziwa kuti bwato logoba pa mtengo umodzi limakhala ndi pakamwa popapatiza, kuti usipa woyanikidwa pathandala umanyezimira dzuwa likawomba, ndiponso kuti nkhungu, zomwe ndi tizilombo touluka tochokera m'nyanja, zimaoneka patali ngati utsi. Amasamalanso kuti nkhope ya mwana wa m'nkhaniyo isasinthe tsamba ndi tsamba, kwinaku akuionetsa mantha, chidwi kapena chimwemwe.

Popanda manja otere, mwana wa kunyanja angakule akuganiza kuti mabuku amakamba za anthu akutali okha, ndipo kondowole, nsima ya ufa wa chinangwa imene amadya kwawo, sangaione ngati chinthu choyenera kulowa m'buku.