Khosi la gitala ndilo limaulula mmisiri

Pa Namwera, kuseri kwa msika, pali khonde limene kalipentala wina amakhomerapo zitseko, mabedi ndi makabati a anyamata obwera kuchokera ku Joni. Tsiku lina ndinapezapo gitala yamagetsi itakolekedwa pamsomali. Thupi lake linali la mlombwa, lofiira modera, mizere ya thabwa ikuyenda mokhotakhota. Anaipangira mwana wa mlongo wake amene amaimba m'maukwati, ndipo mawaya a mkati anawalumikiza mnzake wokonza mawailesi ndi mafoni pafupi pomwepo. Aliyense wodutsa ankaima, kugwira pakamwa, n'kunena kuti koma ndiye kuli anthu aluso.

Ndinapempha kuti ndiigwireko. Nditaichuna, ndinaliza kumtunda kwa khosi, kufupi ndi mutu, ndipo inalira bwino ndithu. Nditatsitsa dzanja kulowera kuthupi, mawu anayamba kusemphana. Nsambo iliyonse payokha inkamveka, koma zitatu pamodzi zinkakangana ngati anthu oimba nyimbo imodzi aliyense ndi poyambira pake. Mnyamata mwini gitalayo anali atazolowera kale kuzemba malo amenewo, moti nyimbo zake zonse zinkathera pamafureti (timizere tachitsulo ta pakhosi) asanu oyambirira. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Ndinawauza amisiriwo zimene ndinamva, ndipo sindinaone kuti ndawalakwira. Chimene chimandiwawa ndi kayamikiridwe kathu ka zoimbira zopangidwa kwathu kuno. Munthu akakhoma banjo ya chigubu cha mafuta ndi chikopa cha mbuzi, timamuombera m'manja chifukwa wapanga chinthu ali wosauka, osafunsa ngati chinthucho chikulira molondola. Alendo nawo amachita chimodzimodzi. Pamene Ian Brennan anajambula Malawi Mouse Boys a ku Balaka, chimbale chawo choyamba n'kutuluka mu 2012, nkhani imene inayenda kwambiri kunja inali ya mbewa zimene ankagulitsa pamsewu ndi gitala yawo ya zidutswa za malata. Kanema wa Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anafalikira dziko lonse, anthu akudabwa ndi babatoni yake ya mamita pafupifupi atatu, koma ndi ochepa amene anafunsa kuti kutalika kumeneko kukuchita chiyani pa mawu. Nsambo ikatalika imatha kulira motsika ili yokungika, ndipo botolo limene iye amayendetsa pamwamba pake limapeza malo otakasuka pakati pa liwu lina ndi linzake. Amenewo ndi maganizo a mmisiri, ndipo ndi amene tiyenera kumawaweruza.

Kupanga gitala ndi zotolatola si chachilendo m'mbiri ya choimbira chimenechi. Imodzi mwa magitala amagetsi oyamba kugulitsidwa, imene George Beauchamp ndi Adolph Rickenbacker anatulutsa mu 1932, anthu anaipatsa dzina la chiwaya chokazingira chifukwa cha maonekedwe ake. Les Paul, cha m'ma 1940, anamangirira nsambo pachipika cha paini. Leo Fender, amene mu 1950 anatulutsa gitala yodzatchedwa Telecaster, anali wokonza mawailesi ku Fullerton, m'chigawo cha California, ndipo sankadziwa kuliza gitala. Brian May wa gulu la Queen anayamba kupanga yake ndi bambo ake mu 1963, khosi analisema kuchokera kuthabwa lakale la pamalo owothera moto, masipuling'i anachotsa ku injini ya njinga yamoto. Kalipentala ndi wokonza mawailesi a pa Namwera ali pamzere womwewo. Chimene anzawo aja anali nacho, chimene gitala ya pamsomali ija inasowa, ndi muyeso.

Thupi la gitala yamagetsi limakhululuka zambiri. Ndi thabwa logwira zitsulo, ndipo ukhoza kulidula ngati tsamba la papaya kapena mapu a Malawi, mawu sasintha kwenikweni. Khosi silikhululuka. Malo a fureti iliyonse amachokera pa kutalika kwa nsambo, kuyambira pamene yatsamira kumutu kufika pamene yatsamira kuthupi. Magitala ambiri a Fender mtunda umenewu ndi mamilimita 648, a Gibson ndi pafupifupi 628. Ukagawa 648 ndi 17.817 umapeza mamilimita 36.4, ndipo apo ndi pokhala fureti yoyamba. Zotsalazo ugawenso ndi nambala yomweyo, upeza 34.3, mpata wa yachiwiri. Mipata imanka ichepa choncho mpaka fureti ya 12, imene iyenera kugwera pakati penipeni pa nsambo, pamamilimita 324. Cha pamenepo mpata umakhala utatsika kufika pa 19, kotero kuphonya ndi mamilimita awiri okha, kumene pachitseko palibe angakuone, khutu la mwana wa kwaya limakumva.

Amisiri aja anandionetsa mmene anapezera malo a mafureti awo. Anabwereka gitala yakale ya bokosi, n'kukopera mipata yake pakapepala. Nzeru imeneyi ndi yabwino, ikanagwira ntchito. Koma podzamangirira chitsulo chotsamirapo nsambo kuthupi, anachiika pamene chinaoneka bwino ndi maso, chala chimodzi kutsogolo kwa malo ake. Mafureti a gitala ina anapezeka ali pansi pa nsambo ya kutalika kwina. Ndipo ngakhale ukayeza molondola, chitsulocho chimafuna kusunthidwa pang'ono kumbuyo, makamaka kunsambo zonenepa, chifukwa chala chikadina nsambo chimaikoka n'kukweza mawu. Apa masamu amathera, khutu ndilo limamaliza.

Vuto lachiwiri la khosi ndi thabwa. Nsambo zisanu ndi imodzi zikakungidwa zimakoka ndi mphamvu yoposa makilogalamu 40, usana ndi usiku, chaka chonse. Thabwa losauma limagonja pang'onopang'ono, khosi n'kupindika ngati uta, nsambo n'kutalikirana ndi mafureti mpaka zala kuchita matuza. N'chifukwa chake mafakitale amabisa ndodo yachitsulo m'kati mwa khosi, yokhala ndi nati yomangira kapena kumasula. Kwathu kuno chofunika chimenechi n'chachikulu kuposa kwina. Gitala yokhomedwa pa Namwera m'mwezi wa February, mvula ili mkati, idzatsika mapiri aja kukaimba ku Mangochi boma kapena ku Malindi m'dzuwa la October, ndipo thabwa limamwa chinyezi n'kuchilavula monga mwa nyengo. Wowotcherera zitsulo aliyense wa pamsika akhoza kupanga ndodo yotere atauzidwa ntchito yake. Kalipentala amene amadikira thabwa la bedi milungu iwiri ayenera kuphunzira kudikira la khosi chaka kapena kuposerapo, kapena kufunafuna mphuthu za zitseko za nyumba zakale, zimene zinauma kalekale.

Mitengo yokha ndiye tili nayo yoti ena amaisirira. Mbawa ndi mtundu womwewo wa mitengo imene mafakitale a magitala kunja amagula ku Africa n'kumaitcha mahogany. Phingo, mtengo wakuda wolimba uja umene umapezeka kuno ndi kumpoto kwa Mozambique, tsidya la Chiponde, ndi umene ku Ulaya amapangira zitoliro za clarinet, ndipo kuyambira 2017 malonda ake a pakati pa mayiko amayang'aniridwa ndi pangano la CITES. Kachidutswa kake kopyapyala kokwana pamwamba pa khosi sikadyeka ndi zala ngakhale patapita zaka. Zimandimvetsa chisoni kuona mitengo yotere ikuthera m'matumba a makala, pamene woimba akusunga ndalama miyezi yambiri kuti m'bale wake amubweretsere gitala ya pulayiwudi kuchokera ku Johannesburg.

Tsono magetsi. Kachipangizo kamene kamatola mawu pansi pa nsambo, kamene oimba amati pickup, ndi maginito okulungidwa ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi, maulendo pafupifupi 8,000. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pake, m'wayamo mumabadwa timagetsi tochepa timene ampulifaya imakuza. Palibe chamatsenga, ndipo anthu ambiri opanga okha amakulunga wayayu ndi makina osokera, amene pa Namwera ali pakhonde lililonse la telala. Koma pali zinthu zimene mmisiri wa kunyanja ayenera kuzidziwa. Ulusi wa nayiloni wowedzera nsomba, umene ana a m'mbali mwa nyanja amamangira magitala awo oyamba, maginito saumva ngakhale pang'ono. Waya wa buleki ya njinga amaumva. Amene akufuna kukuza banjo ya chikopa kapena nsambo za nayiloni amafunika kachitsulo kena kozungulira, kotchedwa piezo, kamene kamamva kunjenjemera kwa thupi lenilenilo, ngakhale kamakonda kutulutsa mawu owuma, obaya m'khutu.

Pagitala ija, wokonza mawailesi anagwira ntchito yabwino kuposa mnzake. Anachotsa pickup pagitala ina yothyoka, n'kumata pepala la aluminiyamu m'kati mwa dzenje lonse ndi kulilumikiza ku waya wa pansi, kotero kulira kwa "mmmm" kumene kumavutitsa mabandi ambiri oimbira pa jenereta kapena pa inveta ya sola kunali kochepa kwambiri. Ku Kinshasa, Mingiedi Mawangu wa gulu la Konono No. 1 anadzipangira zotolera mawu za likembe ndi maginito a m'zitsulo za galimoto zakutha, ndipo kusokosera kwake kunasanduka chizindikiro cha gululo. Iye anasankha phokoso lija, analidziwa, analiweta. Phokoso lobwera chifukwa waya wina sanawotcherere bwino ndi nkhani ina, ndipo omvera amasiyanitsa.

Chimene ndinatsutsana nawo kwambiri amisiri aja ndi maonekedwe. Anakopera Stratocaster ya Fender ya mu 1954 pachithunzi cha pafoni, nyanga zake ziwiri ndi mutu wake womwe. Ndinawafunsa chifukwa chake, iwo anati gitala yeniyeni imaoneka choncho. Koma phindu lonse lopangitsa gitala kwa mmisiri, m'malo mogula m'sitolo, ndi lakuti imatsata dzanja la munthu mmodzi ndi nyimbo zake. Oimba athu akhala akusintha choimbira chimenechi kuyambira kale. Daniel Kachamba wa kwa Singano ku Chileka, amene wofufuza za nyimbo Gerhard Kubik anakumana naye ku Blantyre mu 1967, kawirikawiri ankaliza gitala ya nsambo zisanu, ndipo anali ndi machunidwe akeake. Yosefe Kalekeni wa Madalitso Band amaliza ya nsambo zinayi, kuikwapula ngati banjo, phazi likugunda ng'oma, pamene Yobu Maligwa ali pababatoni yodzipangira yekha. Ndiche Mwarare ankaliza hauyani, gitala yogoneka pamiyendo yotsetserekapo ndi chitsulo kapena botolo, ndipo chiwaya cha Beauchamp chija chinapangidwira kalizidwe komweko. Gitala yamagetsi ya hauyani safuna n'komwe mafureti okhomera, mizere yojambula imakwana. Sindinaonebe mmisiri wa kuno atakhala pansi ndi woimba n'kumufunsa kuti mumaliza nsambo zingati, chala chanu chachikulu chimayenda bwanji, mumaimirira maola angati paukwati, kuti adziwe kulemera koyenera thupi. Mlombwa wa gitala ija unali wokhuthala mopitirira, moti mnyamatayo ankasinthasintha phewa nyimbo isanathe.

Chinthu chimodzi chimene anakopera kwa Fender chinawapulumutsa. Khosi sanalimate ndi guluu, analimanga ndi masikuluu anayi, monga anachitira wokonza mawailesi wa ku Fullerton uja pofuna kuti chowonongeka chizichotsedwa mosavuta. Nditadutsanso pakhondepo patapita miyezi, ndinapeza thupi la mlombwa lili lokha pashelefu, atalipala kumbuyo kuti lipepuke. Pabenchi panali thabwa la mbawa lochokera pamphuthu ya sitolo ina yakale imene inagwetsedwa, ndi rula yachitsulo yatsopano, ya mamilimita. Manambala anawalemba ndi pensulo pakhoma, kuyambira 36.4 kutsika mmunsi. Mnyamata uja anali pomwepo, akuwauza kuti, "Amalume, nsambo yachisanu ija musaiboolere, sindiigwiritsa ntchito." Amalumewo sanayankhe msanga. Anatenga dzanja lamanzere la mphwawoyo, n'kulitambasula pathabwa, n'kulemba ndi pensulo pamene chala chachikulu ndi chamkombaphala zinafika.